Malizani kaye IVA, khadi la ngongole lidzakupezani

Pali uphungu wina womwe wafala pakati pa abale athu okhala ku Britain, ndipo pa TikTok ndiye osanena. Akuti ngati dzina lako laipa kwa obwereketsa ndalama, tenga khadi la ngongole, uzigulira tinthu ting'onoting'ono n'kumabweza mwezi ndi mwezi, basi credit score yako ikwera. Uphunguwu si wabodza ayi. Koma kwa munthu amene ali mkati mwa ndondomeko yobweza ngongole ngati IVA, ine ndikuti ndi mankhwala abwino omwedwa pa nthawi yolakwika, ndipo akhoza kukupweteka kuposa matenda amene ukufuna kuchiza.

Kwa amene simukuidziwa, IVA ndi chidule cha Individual Voluntary Arrangement. Ndi mgwirizano wa lamulo, wochokera mu Insolvency Act ya 1986, pakati pa munthu amene ngongole zamukwana ndi onse amene anam'bwereketsa. Katswiri wovomerezeka, yemwe amatchedwa insolvency practitioner, amawerengera zomwe munthuyo amapeza ndi zomwe amafunika kuti akhale moyo, ndipo zotsalazo ndi zomwe amapereka mwezi uliwonse, kawirikawiri kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kuti mgwirizanowu uyambe, pamafunika kuti avomereze obwereketsa amene ali ndi 75 peresenti ya ngongole ya onse oponya voti. Chiwongoladzanja chimaima, makalata oopseza amasiya kubwera, ndipo ukamaliza bwinobwino ngongole yotsala imafufutidwa.

Mwayi woterewu uli ndi malamulo ake. Limodzi mwa malamulowo ndi lakuti sungabwereke ndalama zoposa £500 popanda chilolezo cha katswiri woyang'anira IVA yako. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Amati khadi langa ndi la £250 chabe, ndiye palibe lamulo lomwe ndaphwanya. Mwina n'zoona, ngakhale ndi bwino kuwerenga mgwirizano wanu kaye chifukwa migwirizano simafanana yonse. Koma funso langa ndi lina: khadilo likukupindulirani chiyani panopa?

Makampani atatu osunga mbiri ya ngongole ku Britain, Experian, Equifax ndi TransUnion, amasunga chizindikiro cha IVA kwa zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera tsiku lomwe inayamba. Kaya muzibweza khadi lanu mokhulupirika ngati wa kwaya, chizindikirocho sichichoka nthawi yake isanakwane. Dzina lanu limakhalanso pa Individual Insolvency Register, kaundula yemwe aliyense angamuone pa intaneti, mpaka patapita miyezi itatu IVA itatha. Banki yomwe mukufuna ikupatseni ngongole ya nyumba kapena ya galimoto iona zimenezi isanayang'ane n'komwe kanambala kamene kakukusangalatsani pa foni. Kanambalako ndi kuyerekeza chabe kwa kampani yosunga mbiri. Wobwereketsa aliyense amawerengera mwa njira yakeyake.

Ndiye phindu la khadi m'chaka chachiwiri kapena chachitatu cha IVA ndi lochepa zedi. Tiyeni tione mbali ya ngozi. Makhadi amene amapatsidwa kwa anthu a mbiri yoipa amakhala ndi chiwongoladzanja chokwera, nthawi zambiri choposa 30 peresenti pachaka. Tiwerengere limodzi: ngongole ya £500 pa 35 peresenti, mukangoisiya osaichepetsa, ikudyerani pafupifupi £175 pachaka. Kodi ndalama imeneyi ichokera kuti, pomwe bajeti yanu inawerengedwa kale mpaka paundi yomaliza? Ichokera ku chakudya, ku lendi kapena ku ndalama ya IVA yomweyo. Mukayamba kuphonya malipiro a IVA mpaka mgwirizano n'kugwa, obwereketsa aja amabwereranso ndi ngongole yawo, chiwongoladzanja chimadzuka, ndipo nkhani ikhoza kukathera ku bankirapuse. Zaka zitatu zodzimana zimapita m'madzi chifukwa cha kakhadi ka £250. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Otsutsa anena kuti munthu wodziletsa sangagwe m'mbuna imeneyi, chifukwa ukabweza ndalama yonse mwezi uliwonse sulipira chiwongoladzanja chilichonse. Izi n'zoona ndithu. Koma uphunguwu unapangidwira munthu amene mavuto ake amathera pakhomo pake. M'malawi wa ku Manchester kapena ku Leeds sakhala choncho. Foni yake imalira 5 koloko m'mawa: amalume atisiya, pakufunika bokosi ndi galimoto. Mlongo wako wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mvula yagwa, feteleza palibe. Ndani mwa ife angayang'ane khadi lomwe lili ndi £200 yosagwiritsidwa ntchito n'kuwauza amayi ake kuti ndilibe? Khadi lomwe munatengera kugula mafuta a galimoto limasanduka thumba la maliro a mudzi wonse. Choipa china n'chakuti makampani ambiri a makhadi amaona kutumiza ndalama ngati kutapa kashi pa ATM, kotero amadula kachindapusa kenakake ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, osadikira kutha kwa mwezi.

Sindikunena kuti tisiye kuthandiza kumudzi. Ndikunena kuti thandizo lichokere m'ndalama yomwe ilipo, ndipo achibale auzidwe chilungamo. Mawu akuti "amayi, ndili pa ndondomeko yobweza ngongole mpaka chaka chakutichakuti, zomwe ndingathe ndi izi" ndi owawa kuwanena, makamaka kwa munthu amene mudzi wonse umamuona ngati bwana wa kunja. Koma manyazi amenewo ndi otchipa kuposa chiwongoladzanja cha 35 peresenti.

Mfundo ya otsutsa yomwe ndimaimva bwino ndi iyi: zaka zisanu ndi chimodzi zikatha, mbiri yako imayera, koma imayera mopanda kanthu. Palibe choipa, palibenso chabwino chosonyeza kuti umabweza. Apa khadi lili ndi ntchito yake, ndipo nthawi yake ilipo. Ngati IVA yanu ndi ya zaka zisanu, pamatsala pafupifupi chaka chimodzi pakati pa tsiku lomwe mwamaliza ndi tsiku lomwe chizindikiro chichoke. Mukalandira satifiketi yosonyeza kuti mwamaliza, ndalama yomwe inkapita ku IVA mwezi uliwonse imatsala m'thumba mwanu. Imeneyo ndiye nthawi yotenga khadi limodzi laling'ono, kuikapo chinthu chimodzi chodziwika mtengo wake ngati bilu ya foni, n'kukhazikitsa direct debit yobweza ndalama yonse. Pofunsira khadilo, yambani ndi kufufuza kosasiya chizindikiro komwe amakutcha soft search, chifukwa kufunsira makhadi ambiri motsatizana kumaoneka pa mbiri yanu ndipo kumapereka chithunzi cha munthu wosowa pogwira.

Nanga podikira nthawiyo, manja akhale m'thumba? Ayi. Pali zambiri zomanga dzina zomwe sizifuna kubwereka. Malawi ndi membala wa Commonwealth, choncho M'malawi amene ali ndi chilolezo chokhala ku Britain akhoza kulembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo obwereketsa amagwiritsa ntchito kaundulayu potsimikiza dzina ndi adiresi. Ambiri mwa ife sitidziwa zimenezi. Lipirani lendi, magetsi, gasi ndi council tax pa nthawi yake. Itanitsani lipoti lanu la ngongole ku makampani atatu aja, ndi laulere mwa lamulo, ndipo onetsetsani kuti ngongole zonse zomwe zinalowa mu IVA zalembedwa ndi madeti olondola. Kampani ikalemba mochedwa deti lomwe munalephera kubweza, banga limakhalitsa kuposa nthawi yake, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti akonze. Mukasokonezeka, StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amapereka uphungu osalipiritsa. Safunsa anadya phula, abale.

Kwa anzathu a ku Joni nkhaniyi ndi yachidule kwambiri. Ku South Africa ndondomeko yofanana nayo imatchedwa debt review, ndipo ili pansi pa National Credit Act ya 2005. Kumeneko lamulo silinyengerera: ukakhala pa debt review suloledwa kutenga ngongole yatsopano, kaya ndi khadi la ku banki kapena akaunti ya sitolo ya zovala, mpaka mlangizi wako wa ngongole atakupatsa satifiketi yoti wamaliza. Satifiketiyo ikatuluka, chizindikiro cha debt review chimachotsedwa pa mbiri yako. Ndiye wina akakutumizirani meseji pa Facebook kuti mum'patse ndalama akufufutireni dzina sabata yomweyi, kapena akupezereni ngongole muli pa debt review, funsani kaye ngati ali wolembetsedwa ku National Credit Regulator. Wobwereketsa amene akulolera kuphwanya lamulo kuti akupatseni ndalama ndi wakatapila wovala tayi basi.

Inu amene mukuwerenga muli ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi mwina mukuti izi n'za akunja, ife makhadi a ngongole tiwaonera kuti? Musathamange. Dziko lathu nalo lili ndi lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, ndipo mabanki amafufuza mbiri ya munthu asanam'bwereke. Khadi lathu kuno ndi foni: kangongole ka pa foni kotengedwa pakati pa usiku, ka banki m'khonde, ka mnzako wa ku ntchito. Mtima wake ndi womwewo, woganiza kuti ngongole yatsopano ikonza dzina lomwe ngongole yakale inaipitsa. Ngati munagwirizana ndi banki kapena SACCO yanu kuti muzibweza pang'onopang'ono, chomwe chingakukonzereni dzina ndi kusunga pangano limenelo mpaka kumapeto.

Ndikudziwa kuti zaka zisanu ndi zambiri kwa munthu wa zaka 28 amene akuona anzake akuonetsa makiyi a nyumba pa status. Koma kuthamanga si kufika. Musanadine batani lofunsira khadi, imbirani foni woyang'anira IVA yanu, mum'funse deti lenileni lomwe mumalize, ndipo mulilembe pamalo poti muziliona tsiku lililonse. Makampani a makhadi sakupita kulikonse. Tsikulo likadzafika adzakhala akukudikirani, ndipo mudzakambirana nawo muli ndi ndalama yanuyanu m'thumba.