Madzi Athu Asagulitsidwe Mumdima

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu a m'maparishi a ku Chileka ndi ku Lirangwe, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

1. Ife a bungwe loona za chilungamo ndi mtendere tikukulemberani za njira yokumbira gasi yotchedwa fracking. Akatswiri amaboola chitsime chakuya kwambiri, n'kupoperamo mwamphamvu malita mamiliyoni a madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala, kuti thanthwe ling'ambike ndipo gasi atuluke. Madzi obwerera kumtunda amakhala amchere ndi apoizoni, ndipo chitsime chikachucha, zoipazo zingathe kulowa m'madzi a m'mijigo. Dziko la France lidaletsa njirayi mu 2011. Ku England adaiimitsa mu 2019 itayambitsa zivomezi ku Lancashire.

2. Ena adzati: "Nanga kuno ndani akuchita fracking?" Zoonadi, njirayi siinafike kwathu. Koma taonani m'mene nkhani ya mafuta idayendera. Mu 2011 boma lidapatsa kampani ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta m'Nyanja ya Malawi, motsatira lamulo lakalekale la 1983. Mu 2014, kutatsala masiku ochepa kuti tiponye voti, mapangano ena a mafuta adasainidwa, ndipo boma lolowa lidaimitsa ziphasozo kuti liziunikenso. Kodi inu eni ake mudafunsidwa? Utsogoleri umene umasaina zotere mwakachetechete ungathenso kulola fracking ife tili m'tulo.

3. Musanene kuti nyanja ili kutali. Madzi a m'nyanjayo ndi omwe amayenda mu Shire, ndipo ndi omwewo amapopedwa ku Walker's Ferry, kudutsa pa Chileka, kupita mumzinda wa Blantyre. Choipa chothiridwa kumtunda tidzachimwa kuno. Ndipo mjigo ukaipa, olemera adzagula madzi a m'mabotolo, pamene amayi a ku Lirangwe adzalawirira ndi ndowa kukafuna madzi kutali.

4. Sitikudana ndi chitukuko, pakuti umphawi tikuuona tsiku ndi tsiku m'mabanja mwanu. Chimene tikukana ndi chitukuko chopanganirana m'chipinda, phindu la anthu ochepa, matenda n'kutsalira ambiri. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adatikumbutsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino likulamulanso boma kusamala chilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo.

5. Choncho tikupempha Nyumba ya Malamulo kuti iletse fracking m'Malawi, ndi boma kuti liziika poyera pangano lililonse la mafuta ndi gasi lisanasainidwe. Mafumu athu, musadinde kalata yopereka malo anthu anu asanaimve m'chinenero chawo. Akhristu nonse, kambiranani kalatayi m'miphakati yanu, ndipo mufunse aphungu ndi makhansala anu mbali imene aima. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Ligwiritseni ntchito mopanda mantha.

Mulungu, amene adatisungitsa dziko lino, akudalitseni nonse.