Alekeni Abale Akayike

Kwabwera alaliki a mtundu wina m'Zomba muno. Sanyamula Baibulo kapena Korani, chida chawo ndi foni ya m'manja. Muwapeza m'tinjira ta ku Chikanda, m'mabala a ku Matawale, pa siwa ku Chinamwali, ngakhale pa chinkhoswe penipeni. Munthu usanameze mbamu yoyamba, iwo atulutsa kale kafoni kaja n'kuyamba kukuloza timizere tobiriwira tokwera mokhotakhota ngati msewu wa ku Chawe. Uthenga wawo ndi umodzi: kwacha yatha ntchito, chipulumutso chili mu cryptocurrency. Ndipo aliyense wokana uthengawu, kaya ndi mayi awo owabala, kaya malume amene adawalipirira fizi, amamutcha mbuli.

Ine ndikuti ayi. Chikayiko cha abale anucho ndi mpanda womaliza umene watsala pakati pa thumba la banja ndi akathyali. Inu amene mukulimbana ndi kugumula mpandawo, ngakhale mtima wanu ndi woyera, mukugwirira ganyu mbava zimene simudazionepo nkhope.

Tiyambe ndi pamene alalikiwa akunena zoona, poti ndikabisa apa mundiyesa wansanje. Kwacha yatizunza, abale. Mu Meyi 2022 idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Mphunzitsi wopuma pantchito amene adasunga kapenshoni kake ku banki adadzuka ali wosauka kuposa mmene adagonera, chonsecho sadabeledwe ndi munthu, sadatchove juga. Choncho mnyamata wa pa Chirunga akamati akufuna ndalama imene boma silingaisindikize mmene lafunira, mkwiyo wake ndikuumva ndithu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma kutsekula chitseko usiku n'kuthamanga osaona popondapo, n'kukokanso banja lonse kuti likutsate, imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga chinthuchi n'chiyani tikachivula malaya a Chingerezi amene amachiveka? Mu 2008 munthu wina, kaya gulu la anthu, wodzitcha Satoshi Nakamoto adalemba ndondomeko ya Bitcoin, ndipo mu Januwale 2009 idayamba kugwira ntchito. Kunena mwachidule, Bitcoin ndi kaundula. Taganizirani kabuku ka banki mkhonde kamene mlembi amalembamo kuti uje waponya zakuti, uje wabwereka zakuti. Kusiyana kwake n'kwakuti kaundulayu amasungidwa ndi makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana nthawi imodzi, mwakuti munthu mmodzi sangafufute mzere n'kulembapo zake. Malamulo ake amati ma Bitcoin sadzapitirira 21 miliyoni. Luso limenelo ndi lenileni, sinditsutsa. Koma kumbuyo kwake kulibe fodya, kulibe tiyi, kulibe nkhokwe ya chimanga. Mtengo wake ndi umene munthu wina walola kukupatsa tsiku limenelo, basi.

N'chifukwa chake mu Novembala 2021 Bitcoin imodzi idafika pafupifupi madola 69,000, ndipo patangotha chaka inali cha pa madola 16,000. Mu Disembala 2024 idadutsa madola 100,000. Alaliki athu amakonda kutchula nambala yomalizayi, yapakatiyo amaidumpha ngati chithaphwi. Komatu fizi ya mwana, lendi ndi feteleza sizidikira kuti mzere ukwerenso. Amene adagula pamwamba paja n'kupanikizika ndi matenda kapena maliro mu Novembala 2022, adatola zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zake.

Tsono tamverani mafunso amene "mbuli" zanuzo zimafunsa. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa mumsika wa Zomba, mukamufotokozera zonsezi, akufunsani zinthu zitatu. Ndalamazo zili kuti? Phindulo likuchokera kuti? Zikasowa ndikalira kwa yani? Ndikuuzeni, palibe pulofesa wa zachuma amene angafunse mafunso oposa amenewa. Tiyeni tiwayankhe mmodzimmodzi, poti inu mumawazemba.

Zili kuti? Mukasunga nokha, chuma chonse chili m'mawu achinsinsi 12 kapena 24. Mukawataya, chapita. Wina akawaona, chapita. Mukatumiza ndalama kolakwika, palibe wobweza. Pa Airtel Money kapena Mpamba munthu ukalakwitsa nambala pali poimba foni n'kudandaula, apa palibe. Mukati musungitse ku kampani, ndiye kuti mwabwereranso ku banki imene mumaithawa ija, koma tsopano banki yake ili kutsidya kwa nyanja. FTX inali imodzi mwa makampani akuluakulu zedi ogulitsirapo ndalamazi pa dziko lonse. Mu Novembala 2022 idagwa m'masiku owerengeka, ndalama za makasitomala zokwana pafupifupi madola 8 biliyoni zitalowera kwina. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, adalamulidwa mu Marichi 2024 kukhala kundende zaka 25. Amene adasungitsa kumeneko sanali anthu a kumudzi osadziwa kuwerenga, ambiri anali ophunzira kuposa ine ndi inu.

Phindu likuchokera kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Bitcoin payokha siibereka, siili ngati mbuzi. Munthu akakulonjezani kuti mwezi uliwonse muzilandira zakutizakuti mosaphonya, dziwani kuti akukulipirani ndi ndalama za amene walowa pambuyo panu. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ganyu, kudali kampani yotchedwa Mirror Trading International. Inkati ili ndi kompyuta yanzeru yochita malonda yokha, yobweretsa phindu pafupifupi 10 peresenti pa mwezi, ndipo wobweretsa mnzake ankalandira kangachepe. Mu Disembala 2020 mkulu wake, Johann Steynberg, adathawira ku Brazil. Akuluakulu a boma la America adati kampaniyo idatolera ma Bitcoin oposa 29,000, a mtengo wopitirira madola 1.7 biliyoni. Mu 2023 khoti la ku South Africa lidagamula kuti bizinesi yonseyo inali yachinyengo, ndipo olongosola chuma cha kampaniyo adayamba kulonjerera ngakhale aja amene "adawina" kuti abweze. Steynberg adamwalira ku Brazil komweko mu 2024. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikalira kwa yani? Mu Meyi 2019 Reserve Bank ya dziko lino, bwanamkubwa wake ali Dalitso Kabambe, idalengeza poyera kuti cryptocurrency si ndalama yovomerezeka ndi malamulo m'Malawi muno, ndipo wochita nayo malonda akudziika yekha pa chiswe. Tanthauzo lake n'losavuta: zikakuvutani musabwere kuno. Mungathe kukwera basi kupita ku polisi ya Zomba, adzakulemberani sitetimenti bwinobwino, koma wapolisi wa pa kauntala adzamugwira bwanji munthu amene dzina lake lenileni simulidziwa, ndipo dziko limene ali simulidziwa?

Mudzati: zimenezo ndi mbava, ife tikunena Bitcoin yeniyeni. Chabwino. Koma azakhali anu a ku Jali adzasiyanitsa bwanji yeniyeni ndi yabodza, pamene zonse zimaoneka chimodzimodzi pa galasi la foni? Iwo sakhulupirira kompyuta, sakhulupirira Satoshi. Akhulupirira inu, mwana amene adakusinthani matewera. Apa ndi pamene pandiwawa. Mbava za masiku ano sizithyola zenera. Zimalowera pakhomo, mwana wa nyumbayo atazigwira dzanja.

Ndipereke chitsanzo. OneCoin idayambitsidwa mu 2014 ndi mayi wina wa ku Bulgaria, Ruja Ignatova, amene ankati ndalama yakeyo idzapha Bitcoin. Anthu pa dziko lonse adaponyamo madola oposa 4 biliyoni, chonsecho kaundula weniweni uja kunalibe, manambala ankangolembedwa ndi kampaniyo. Mu Okutobala 2017 mayiyo adakwera ndege kuchoka ku Sofia kupita ku Athens n'kuzimirira, ndipo mu 2022 apolisi a FBI adamuika pa mndandanda wa anthu khumi ofunidwa kwambiri. Atolankhani a BBC atalondola nkhaniyi mu 2019 adakafika mpaka kumudzi ku Uganda. Kumeneko adapeza mnyamata amene adagulitsa mbuzi zitatu za pakhomo kuti alowe nawo, ndipo mayi ake omwe adaponyamo ndalama zimene adasunga zaka zambiri. Ignatova sadaimepo pa khonde la mayi ameneyo kuti awakope. Uthenga udafika pakhomopo ndi mwana wawo, amene naye adanamizidwa. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Akathyali mwambi umenewu amaudziwa kuposa ife, n'chifukwa chake amalipira bonasi kwa wobweretsa m'bale wake.

Ndipo taonani njira zimene alaliki amaphunzitsana zogonjetsera wokayika. Ati mutumizireni pang'ono kaye aone. Ati muonetseni chithunzi cha phindu lanu. Ati muuzeni kuti mwayi ukutha, anzake onse alowa kale. Msodzi wa ku Kachulu amadziwa dzina la zimenezi: nyambo. Mphunzitsi weniweni safulumizitsa wophunzira, ndipo salandira komishoni wophunzirayo akavomera. Mukaona kuti thumba lanu likufufuma amalume akalowa, dziwani kuti amalumewo mukuwagulitsa.

Chimene chikundichititsa manyazi n'chakuti ena mwa alalikiwa akuchokera pa Chirunga. Chancellor College itasamukira kuno mu 1973, malo amenewa adatchuka ndi chinthu chimodzi: kufunsa mafunso pamene dziko lonse lidauzidwa kuti lizingovomera. Alakatuli a Writers' Group ankabisa mawu m'mafanizo kuti choonadi chidutse pa maso pa a Censorship Board. Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mawu oti crypto amachokera ku Chigiriki, tanthauzo lake chobisika. Akale aja ankabisa kuti apulumutse choonadi, koma kubisa kwa lero n'kozunguza mutu wa gogo ndi mawu a Chingerezi mpaka achite manyazi kufunsanso. Sukulu imene idatiphunzitsa kukayika mawu a Ngwazi isatulutse ana onyoza makolo awo chifukwa akukayika mawu a mlendo wa pa intaneti.

Musandimve molakwa, sindikuti luso limeneli lilibe ntchito m'Malawi. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuli makina opanga magetsi ndi madzi a mumtsinje. Kampani ya Gridless idaikako makompyuta okumba Bitcoin pogwiritsa ntchito magetsi otsala, ndipo ndalama zake zimathandiza kuti makinawo aziyenda. Kumeneko chinthu chikuoneka ndi maso: madzi, waya, babu loyaka. Woika ndalama zake pa chiswe ndi kampani, ndipo palibe adapempha nkhalamba kuti igulitse mbuzi. Sindikutsutsanso kuti ndalama zotumiza kuchokera ku Joni zimadyedwa panjira, ndipo ofuna njira yotsika mtengo ali ndi chifukwa chomveka. Koma zonsezi sizikupatsani chilolezo chogwira foni ya amayi n'kuwatsegulira akaunti imene sakuimvetsa.

Ngati mukufunadi kuti abale anu adziwe, njira yake ilipo, ndipo ndi yowawa kwa mlaliki. Yambani ndi chaka chimene mtengo udagwa, osati chimene udakwera. Auzeni za FTX, za Steynberg ndi za Ignatova musanatchule phindu. Nenani poyera ngati mulandirapo kanthu iwo akalowa. Ndalama ya fizi, ya feteleza, ya banki mkhonde, ya chipereganyu, ya penshoni, kapena ya katapila musaikhudze n'komwe. Musasungire m'bale mawu ake achinsinsi, pakuti tsiku limene zidzasowe, mlandu udzakhala pa inu ndi ana anu. Ndipo akamva zonse n'kunena kuti ayi, yankho lake ndi lakuti zikomo, kenaka mukambe za mvula. Ngati chinthucho n'cholimba mmene mukunenera, chidzakhalapobe chaka chamawa, sichifunika mayi anu kuti chiime.

Kwa inu okayika, amayi, abambo, amalume, ndikuti gwiritsani. Musachite manyazi mwana akakusekani kuti ndinu achikale. Funsani kawiri, funsani katatu, ndipo yankho likabwera m'Chingerezi chokhachokha, uzani mwanayo alinene m'Chichewa. Chimene munthu sangathe kuchifotokoza m'chinenero cha mayi ake, nayenso sadachimvetse. Safunsa anadya phula.

Pamwamba pa phiri lathu la Zomba pali malo okongola oonera dziko, monga Emperor's View ndi Queen's View. Paliponso dzenje la Chingwe, limene akale amati mafumu ankaponyamo adani awo. Anyamata operekeza alendo kumeneko amakuonetsa zonse ziwiri, ndipo ukayandikira m'mphepete mwa dzenjelo amakugwira mkono kuti ubwerere m'mbuyo. Woperekeza amene amangokuloza kukongola kwa chigwa, dzenje osalitchula, n'kumakukankha pamsana kuti ufulumire, ameneyo tikadamuthamangitsa paphiripo tsiku lomwelo. Nanga bwanji tikumulola kukhala pa mphasa ya banja?