Maphunziro a kompyuta a pa intaneti: wa ku Ulongwe anafunsidwa liti?

Masiku ano maphunziro a kompyuta ochitikira pa intaneti ali ponseponse. Bungwe likapeza thandizo limaitana akatswiri a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, iwo amajambula mavidiyo ophunzitsa Word ndi Excel, kenaka lipoti limatuluka lonena kuti zonse zakonzedwa mogwirizana ndi anthu. Anthu ake ati? Anafunsidwa liti, m'chinenero chanji, ndipo zimene anayankha zinasintha chiyani?

Tiyeni tiime pa Ulongwe m'boma la Balaka, pamsewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Mangochi. Apa pali ejenti wa Airtel Money ndi TNM Mpamba amene amalemba ndalama zolowa ndi zotuluka m'kope losanduka lakuda ndi thukuta la m'manja. Pali mlembi wa banki m'khonde amene amawerengetsa masheya ndi chiwongoladzanja cha amayi anzake ndi cholembera. Pali kalaliki wa pamsika wa thonje, ndi mnyamata wa MSCE amene akufuna kulemba kalata yofunsira ntchito. Onsewa Excel kapena Word ingawapepuzire katundu. Koma kodi wokonza phunziro loyamba anatsegulapo kope la ejentiyo kuti aone mizere imene mwini wake anajambula yekha? Ngati sanatero, chitsanzo cha malipiro a antchito a kampani yaikulu chimene chili m'vidiyo yake chikuphunzitsa ndani?

Ndiye nkhani ya chipangizo. Phunziro lambiri limayamba ndi kuuza wophunzira kuti atsegule laputopu yake. Laputopu yake iti? Ambiri ali ndi foni basi, ena kafoni kamabatani, ena amabwereka ya mlamu wawo madzulo. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti nyumba zambiri zakumudzi zilibe magetsi a ESCOM, ndiye foni imatchajidwa pa sola kapena kwa ometa tsitsi pamtengo wake. Vidiyo ya mphindi 40 imadya bandulo yochuluka bwanji? Netiweki ikadukira pakati, munthu ayambirenso pachiyambi ndi mayunitsi ati? Amene anasankha utali wa vidiyoyo anaionera pa intaneti ya mu ofesi, kapena pa bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo?

Chotipweteka kwambiri n'chakuti boma la Balaka lomweli linaonetsa kale njira. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinafalikira dziko lonse, chinayambira ku Balaka mu 2011 pansi pa bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo. Maganizo ake sanagwe kumwamba: anachokera mumpikisano umene Amalawi eniake anapereka nzeru zawo. Chinayamba ndi amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, koma chinakula n'kuyamba kuyankha za matenda osiyanasiyana, ndipo pomaliza boma linachitenga kukhala chake. Munthu sankafunika kudziwa kulemba kuti athandizidwe. Ankaimba mwaulere, n'kulankhula ndi munthu mnzake. Nanga bwanji okonza maphunziro a kompyuta, pofuna kumva maganizo a ophunzira, amatumiza fomu ya Chingerezi yodzaza pa intaneti? Amene phunziro linamulephera pa tsiku loyamba, fomu yakumapetoyo aiona bwanji? Si ndiye kuti mukungomva mawu a omwe zinawayendera?

Ku Ulongwe Chiyao chimamveka pamsika ngati Chichewa. Kodi mayi amene amaganiza m'Chiyao angatumize uthenga wamawu pa WhatsApp wonena kuti apa sindinamve, wina n'kuumvetsera? Alipo wolembedwa ntchito yomvetsera? Bungwe la onebillion linatha kukonza masamu ndi kuwerenga m'Chichewa pa mataabuleti a ana a pulayimale. Chovuta n'chiyani kuchitira akuluakulu zomwezo?

Tisanamizane, kufunsa anthu kwathu kuno kunasanduka mwambo. Amaitana anthu kuholo, mfumu ndi a komiti ya chitukuko amakhala kutsogolo, pamabwera Fanta ndi alawansi ya thiransipoti, ndipo aliyense amavomera kuti phunziro ndi labwino. Ndani angadzudzule mlendo amene wamusainitsa alawansi? Mtsikana angaimirire pamaso pa akuluakulu kunena kuti sangaphunzire usiku chifukwa foni ili ndi bambo? Zoona zake zimaoneka pamene wophunzitsa wakhala phee pambali pa wophunzira, osamugwira dzanja, n'kuona pamene chala chaima. Zimamvekanso kwa amene anasiya pakati. Anawatsatira ndani kukawafunsa chifukwa chake?

Ndalama si kuti kulibe. Mu 2017 World Bank inavomereza madola oposa 70 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, ndipo gawo lina linali la luso la makompyuta. MACRA ili ndi thumba lothandizira kufikitsa mauthenga kumidzi. TEVETA imayang'anira maphunziro a luso la manja kuyambira mu 1999. Tikupempha kuti mabungwe amenewa, asanavomereze phunziro lililonse, azifunsa mwini wake kuti: ndi tsamba liti limene munalembanso chifukwa wophunzira wakumudzi anadandaula? Ndipo setifiketi ya pamapetoyo, bwana wa ku Liwonde kapena ku Balaka adzailandira akamalemba anthu ntchito?