MUSAOTCHE BUKU MUSANALIWERENGE

Lero ndilankhula ndi makolo, ndipo ena mukwiya. Kwiyani, koma muwerenge mpaka pansi.

Kwalowa chizolowezi m'mipingo yathu kuno ku Mzuzu. Mwana akagwira buku loti si Baibulo kapena la mayeso, basi ndi la satana, lipite pamoto. Pa mapemphero a usiku mayi wina anabwera ndi kabuku kachingerezi komwe anakapeza m'chikwama cha mwana wawo wa Fomu 2, kotchedwa The Secret of the Old Clock. Akuti chinsinsi chilichonse chimanunkha ufiti. Ndinati mayi, ndibwerekeni kaye. Ndinakawerenga konse.

Abale, mulibe mfiti, mulibe chithumwa, mulibe magazi. Buku limeneli linatuluka ku America mu 1930. Mkulu wina wachuma, Josiah Crowley, wamwalira. Banja lodzikuza la a Topham latenga chuma chonse, pomwe achibale osauka amene malemuyo anawalonjeza thandizo angotsala manja ali m'khosi. Mtsikana Nancy Drew, mwana wa loya, akufunsafunsa mpaka akupeza kakope kobisidwa mu wotchi yakale, kosonyeza komwe kuli wilo yomaliza.

Mwaimva nkhaniyo? Imeneyi si ya ku America yokha. Ndi ya ku Chibavi, ya ku Mchengautuwa, ya ku Zolozolo. Maliro asanatuluke m'nyumba, achimwene a malemu ayamba kale kufunsa makiyi a galimoto ndi mapepala a puloti, wina maso ali pa firiji. Namfedwa akulira, ana asiya sukulu. Dziko lino linachita kukhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, loti kulanda katundu wotere ndi mlandu. Koma ena olandawo Lamulungu amakhala kutsogolo, manja m'mwamba, malilime ali waliwali. Yakobo 1:27 munaing'amba m'Baibulo mwanu kodi?

Mundiuza za Machitidwe 19:19. Ndikuidziwa. A ku Efeso aja anaotcha mabuku a matsenga, awoawo, amene ankachitira nawo zamatsengazo, ndipo ankadziwa zomwe zinali m'katimo. Inu mukuotcha buku la mwana lomwe simunatsegule n'komwe. Danieli anaphunzira zolemba za Akasidi ndipo sanadetsedwe. Solomo pa mlandu wa amayi awiri aja anafufuza ndi nzeru mpaka choonadi chinatuluka. Kufufuza si tchimo, Amen?

Sindikunena kuti bukuli ndi uthenga wabwino ayi. Yesu mulibemo. Nancy ali ndi galimoto yakeyake, amalondola akuba yekha, zomwe mwana wanga sindingamulole. Zimenezo mukambirane naye mwanayo, mukhale pansi. Ndipo mabuku oipa alipodi. Koma mwana yemwe mwamulanda bukuyo mwamusiyira foni, akugona nayo mpaka 1 koloko usiku, ndipo zomwe akuonera simukuzidziwa.

Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuni inapsa. Mzinda wonse tinagwira pakamwa, ophunzira analira, anthu akunja anachita kusonkha mabuku kuti atithandize. Lero ifenso tikolezere moto wina kuseri kwa tchalitchi?

Tsono abambo, funso langa ndi ili, ndipo muyankhe pansipa akazi anu akuona: ndani mwa inu analemba wilo?