Phiri silifuna tikiti

Aphunzitsi anzanga, chaka ndi chaka timalonjeza ana a Fomu 3 ulendo wa ku Mulanje. Tikawerengera ndalama ya basi, makolo amalephera kusonkha, ulendo n'kufera m'mazira. Ine ndatopa nazo.

Zoona, Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Koma ife a ku Tsangano tikukhala pamwamba pa mapiri a Kirk Range! Mwana amajambula mizere ya mapiri m'kope la Jogalafe, koma sanaimepo pamsonga n'kuona komwe mitsinje imayambira ndi momwe nkhwangwa zametera nkhalango.

Zofunika n'zochepa: nsapato zakale, juzi chifukwa kuno kumazizira, botolo la madzi ndi kachewere wophika. Pitani mvula ikatha, moto wa tchire usanayambe. Nyamukani m'mawa, dziwitsani makolo ndi amfumu, ndipo musadutse malire a Mozambique. Atsikana asatsalire, mphunzitsi wamkazi akhalepo.

Inu ana anga akale, mukabwera ku tchuthi mudzatiperekeze. Mulanje tidzapita tikadzapeza ndalama, koma Loweruka lino tiyambe ndi phiri la kuseri kwa sukulu.