Mulu wa m'mbali mwa ngalande ukudikira yani?

Mvula ikayandikira, m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumadzaza anthu aganyu, fosholo m'manja, kuvuula mchenga, majumbo ndi mabotolo m'ngalande. Ntchitoyo ndi yotamandika. Koma zimene avuulazo amaziunjika pomwepo, m'mphepete mwa ngalande, kudikira lole imene kawirikawiri sibwera. Mvula yoyamba ikangogwa, mulu wonse umabwerera momwe unachokera, ndipo chaka chamawa anthu adzalipidwanso kuti avuule mchenga womwewo.

Mukafunsa mwini ngalande, aliyense amaloza mnzake. Misewu ikuluikulu ngati M1 ili m'manja mwa Roads Authority, ya m'maeriya ndi ya khonsolo, ndalama za msonkho wa pamafuta a galimoto ndi za pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke zimapita ku Roads Fund Administration. Madzi zonsezi alibe nazo ntchito. Kalavati ikatsekeka amadutsa pamwamba pa msewu, kukokolola phula, n'kukalowa m'nyumba ya munthu wa kumunsi. Madzi saiwala khwawa. A ku Mtandire, amene mtsinje wa Lingadzi unawalowera m'nyumba mu 2017, safunika kuwakumbutsa.

Akuluakulu a khonsolo amakonda kunena kuti vuto ndi anthu otaya zinyalala paliponse. Sakunama. Alipo amene amasunga thumba la zinyalala kuseri kwa nyumba, mvula ikalimba n'kukalikhuthulira m'ngalande kuti madzi anyamule. Ena amanga okala, ngakhale mpanda wa njerwa, pamwamba penipeni pa ngalande. Komabe ine ndimaika mlandu waukulu pa khonsolo. Mayi wogulitsa tomato amadula tiketi tsiku lililonse, eni nyumba amalipira msonkho wa malo, koma bini ya pamsika imasefukira mpaka kununkha. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale, kumene galimoto ya zinyalala saiona, akataye kuti? Nanga pamene mpanda uja unkamangidwa, woyendera mapulani anali kuti?

Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa m'dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Tinasesa, atolankhani anajambula, kenaka matsache anazimiririka.

Khansala wa dera lathu ndimupempha chinthu chimodzi chokha: ganyu yovuula ngalande izichitika mu Okutobala kukadali kouma, ndipo kontirakitala asalandire ndalama mpaka mulu womaliza utakwera lole.