Majaji athu asamachokere khomo limodzi

Wina akangoti pakati pa majaji pakhale amayi okwanira, ana a alimi ndi anthu a ulumali, yankho limakhala lomwe lija lakuti kukhoti kumafunika odziwa malamulo basi. Yankho limeneli ndikulikana. Jaji sangowerenga buku. Amayeza ngati mboni ikunama, ngati zimene munthu anachita n'zomveka, ngati mayi amene anachedwa kukanena kupolisi kuti wagwiriridwa ayenera kukhulupiriridwa. Zimenezi munthu amaziweruza ndi moyo umene anakulira.

Taonani lamulo la vakabu. Linabwera ndi atsamunda, koma linakhalabe m'mabuku athu mpaka mu 2017, pamene khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti ndime ya lamuloli ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Anakasuma anali wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita kukachita geni yake. Zaka zonsezo ogwidwa anali oyenda pansi: mavenda, aganyu, amayi olawirira kumsika. Wapagalimoto ankangodutsa. Amene anakula akuona mayi ake akudzuka tambala woyamba ndi dengu la tomato pamutu sakanafuna loya womufotokozera kuipa kwa lamulo lotere.

Tinalandira ufulu mu 1964, koma mpando wa mkulu wa majaji unafika kwa mayi koyamba mu 2013, kwa Anastasia Msosa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Majaji asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020 ndimawalemekeza kwambiri, komabe mayi analipo mmodzi yekha, Ivy Kamanga.

Ku South Africa nkhaniyi anailemba m'malamulo aakulu: ndime 174 imati posankha majaji aziganizira kuti makhoti aonetse mitundu ya anthu a m'dzikolo, amuna ndi akazi omwe. Mandisa Maya, yemwe anakhala mkulu wa majaji mu 2024, analembapo chigamulo m'Chixhosa. Kwathu kuno gogo wa ku Nsanje amamva za munda wake kudzera mwa womasulira, ndipo amabwerera kumudzi osadziwa ngati mawu ake anafika momwe anawanenera.

Sindikuti mipando igawidwe mwa zigawo ngati nyama ya pa ukwati. Izo n'zandale, ndipo zatipweteka kale. Ndikuti bungwe la Judicial Service Commission, lomwe limapereka mayina kwa pulezidenti, lizilengeza poyera kuti anafunsira ndi angati, amayi angati, osankhidwa anaposa anzawo pati. Mafunso a ofuna ujaji azichitika anthu akuona, monga amachitira ku South Africa komweko. Ndipo sukulu ya malamulo ku Zomba itiuze kuti mwa ophunzira ake, ochokera m'ma CDSS a kumudzi ndi angati, chifukwa majaji a zaka 20 zikubwerazi ali m'makalasi amenewo panopa.